Za Kariakoo ndi zakudya za m'misewu ya Dar

Achemwali, mwati mukupita ku Dar es Salaam koyamba kukaoda katundu, ndiye mukufunsa poyambira ku Kariakoo komanso zomwe mungakadye osatsegula m'mimba. Langizo langa lalikulu ndi loti tsiku loyamba musagule katundu. Ulendo wodutsa pa Songwe, Kyela ndi Mbeya ndi wautali, mumafika mutu utazungulira. Gonani, m'mawa mwake muziyenda mukungofunsa mitengo, chikwama chili kutsogolo.

Kariakoo si msika umodzi, ndi dera lonse la malonda. Chinyumba chachikulu cha msika chinapsa mu 2021, koma malonda ambiri ali m'misewu: zovala mumsewu wa Congo, nsapato wa Narung'ombe, mafoni wa Aggrey. Anyamata odzipereka kukulondolerani kusitolo amaikapo yawo pamtengo, akaneni mwaulemu. Ndipo musayambe ndi kufunsa mtengo musanapereke moni, anthu akumeneko amaziwerengera kwambiri zimenezo. Wamkulu mumati "shikamoo", mudzaona nkhope ikumasuka.

Tsopano zakudya, pomwe ndikufuna mumvetsetse. Idyani pomwe padzaza eni dera, pomwe chakudya chikuchoka pamoto inu mukuona. M'mawa muli tiyi wa jinja ndi chapati kapena vitumbua. Musayembekezere zitumbuwa zathu za nthochi, izi ndi za ufa wa mpunga ndi kokonati, zofewa mkati, zokoma zikadali zotentha.

Masana funani amayi ophika m'mbali mwa msewu, amawatcha mama ntilie. Mumakhala pabenchi limodzi ndi onyamula katundu, mayi akubwera ndi jagi ndi beseni kukusambitsani m'manja, kenako akutsegula mapoto kuti muloze nokha: mpunga wophikira mkaka wa kokonati, nyemba, pilau, bonongwe, kholowa, chigwada. Chigwada chawocho amathiramo kokonati, ine mpaka lero ndimachikumbuka. Ugali wawo ndi wolimba kuposa nsima yathu, ena sauzolowera, koma ndiwo zake sizikupatsani vuto. Fikani isanakwane 2 koloko, chifukwa kumatentha koopsa ndipo chakudya chokhalitsa m'poto ndi chomwe chimadwalitsa anthu.

Madzulo ndi nthawi ya chipsi mayai. Mnyamata amathira chipisi m'kachiwaya kakang'ono, kuswerapo mazira awiri, kutembenuza ndi mbale mpaka zigwirane, pamwamba kabichi, tomato ndi tsabola. Muonjezere mishkaki, kanyenya wawo wobaya pakamtengo. Tsabola muuzeni achepetse kaye. Saladi yosaphikayo ndi juwisi wa nzimbe wothira ayezi mudikire nazo kaye mpaka mimba izolowere. Madzi gulani a m'botolo lotsekedwa, kapena imwani madafu, kokonati wamuwisi yemwe amamudula pamaso panu.

Mukapeza mpata kwerani basi ya mwendokasi, yothamanga yoyenda mumsewu wakewake, mupite ku Kivukoni m'mamawa, kumsika wa nsomba. Fungo ndi lamphamvu, koma mukaona nsomba za m'nyanja yamchere zomwe kwathu kulibe, ndipo pali amayi okazinga pompo.

Lachisanu masana masitolo ena amatseka kaye chifukwa cha mapemphero, Lamulungu ambiri satsegula n'komwe, ndiye konzani masiku anu moganizira zimenezo. Mukapita m'mwezi wa Ramadan, masana ophika amachepa koma dzuwa likangolowa misewu imadzaza zakudya. Ndalama zodyera muziike padera, mashilingi ang'onoang'ono, kuti musamatulutse mpukutu wa mpamba pagulu.