Ndigule hamala yanji yolumikizira matabwa?

FUNSO: Zikomo bambo. Ndinayamba kuphunzira ukalipentala chaka chatha, ndipo sabata yapitayi ndimalumikiza tebulo langa loyamba, la paini. Ndinaboola miyendo, ndinasema malilime pa matabwa opingasa, ndinapaka guluu, kenako ndinayamba kukhoma ndi hamala yanga ya misomali. Mwendo umodzi wadzaza zipsera zozungulira, wina unang'aluka pamwamba pa bowo. Mnzanga wina akuti ndigule hamala ya labala, wina akuti akalipentala enieni amagwiritsa ntchito ya mtengo. Ndalama zimene ndili nazo ndi za hamala imodzi yokha. Ndigule iti? — Wophunzira ukalipentala

YANKHO: Pepani ndi mwendowo, achimwene. Kuboola miyendo inayi ndi tchizulo si ntchito yamasewera, ndiye kuona umodzi ukung'aluka pa tsiku lolumikiza zimawawa mumtima. Koma mavuto mwatchulawa ndi awiri osiyana, ndipo hamala yatsopano ithetsa limodzi lokha.

Zipsera zija mlandu wake ndi wa hamala. Nkhope ya hamala ya misomali ndi yaing'ono, ndi yachitsulo cholimba, ndipo mphamvu yonse ya mkono wanu imathera pa kamalo kameneko. Paini naye ndi wofewa, ngakhale chikhadabo chimasiyapo mzere. Chipsera chimene lero chikuoneka ngati palibe chidzaonekera poyera tsiku lopaka vanishi, kuwala kukagundapo.

Koma mwendo wong'alukawo musaunamizire hamala. Lilime, nsonga yosemedwa ya thabwa yolowa m'bowo imene ambiri timangoti tenoni, linali lonenepa kuposa bowo lake. Lilime lotere mukalikakamiza limachita zimene nkhwangwa imachita pa chikuni: limakankha mitsempha ya mtengo uku ndi uku mpaka thabwa litagonja. Mukanamenya ndi hamala ya labala, mwendowo ukanang'alukabe, kungoti wopanda zipsera. Pamwamba pa mwendo wa tebulo ndi pamalo poopsa kwambiri chifukwa pakati pa bowo ndi mapeto a mwendo pamatsala kamtengo kochepa. N'chifukwa chake ine miyendo ndimaidula yotalikirapo masentimita 2 kapena 3 kumtunda, n'kudzadula chotsalacho guluu atauma.

Musanatsegule n'komwe botolo la guluu, lumikizani chilichonse chouma. Lilime labwino limalowa ndi mphamvu ya manja mpaka kupitirira theka, kenako n'kutsiriza ndi kugogoda pang'ono chabe. Likakana, litulutseni muyang'ane pamene pachita kunyezimira kapena kuda. Pamenepo ndi pamene likugwira, ndipo mupalepo ndi tchizulo yakuthwa pang'onopang'ono. Kumbukirani kuti guluu woyera wa PVA ali ndi madzi. Mukangopaka, mtengo umamwa n'kufufuma, ndiye chimene chinalowa mothina chili chouma chimakaniratu panjira. Nthawi imene guluuyu amakupatsani asanayambe kugwira ndi mphindi 5 mpaka 10 basi, ndipo kukatentha imachepanso. Munthu akaona lilime laima pakati, guluu akuuma, mtima umathamanga n'kuyamba kumenya ndi mphamvu zonse. Ndikukhulupirira kuti ndi zimene zinakuchitikirani. Chinanso, bowo lizikhala lakuya kuposa lilime ndi mamilimita awiri kapena atatu, kuti guluu wotsala apeze pokhala. Akasowa kothawira, lilime silifika pansi ngakhale mumenye motani.

Tsopano za hamala. Anzanu onse awiri akunena zoona, koma aliyense akunena za ntchito ina.

Ya labala ndi yabwino posavulaza thabwa, koma imanjanja. Mukamenya imabwerera m'mwamba, ndipo gawo lina la mphamvu yanu limabwerera nayo m'malo molowa m'thabwa. Labala wakuda amasiyanso mizere yakuda pa mtengo woyera ngati paini, mizere yofuna sandipepala. Ngati mwasankha ya labala, tengani ya labala woyera.

Imene ine ndingakuuzeni kuti muikepo ndalama zanu ndi ija amaitcha dead blow. Kunja ndi yapulasitiki yofewerapo, koma mutu wake ndi wamphako ndipo muli timipira tachitsulo kapena mchenga. Mukaigwedeza pafupi ndi khutu mumamva tikuchita waa waa m'katimo. Pomenya, timipirato timafika kutsogolo mochedwerako pang'ono, nthawi imene hamala ikufuna kubwerera, ndiye imangoti thi pomwepo osanjanja. Thabwa silikhala ngati lamenyedwa, limakhala ngati lakankhidwa, ndipo polumikiza chimene tikufuna ndi kukankha. Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito ndinali kulumikiza felemu ya chitseko, ndipo chimene chinandidabwitsa chinali kuona mpata wa pamene matabwa awiri amakumana ukutsekeka ndi kugogoda kutatu kokha, dzanja langa osamva kunjenjemera kulikonse. Pa matebulo, mipando ndi makabati, yolemera magalamu 450 mpaka 700 ndi yokwana. Ya kilogalamu imodzi kapena kuposa ndi ya zitseko zikuluzikulu ndi mitanda. Yopepuka kwambiri musatenge, chifukwa imakuchititsani kuponya mkono mwamphamvu, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amaphonya. Hamala imeneyi musamenyere misomali, tchizulo kapena chilichonse chosongoka. Pulasitiki ikang'ambika timipira tija timatayika ndipo yatha ntchito.

Ya mtengo ndiye musagule, pangani nokha. Muifuna ndithu, chifukwa ndi imene imamenya tchizulo popanda kuphwanya mpini wake, ndipo kuipanga ndi phunziro labwino la kuboola ndi kulumikiza. Pezani chidutswa chouma bwino cha mtengo wolimba ndi wolemera. Ku Ulaya amakonda mtengo wa beech, koma muwanga kapena tsanya amagwira ntchito imeneyi bwino lomwe. Mutu ukhale wa masentimita ngati 12 m'litali, 8 m'lifupi ndi 6 kuchindikala kwake. Nkhope zomenyera zikhale kumapeto kumene macheka anadula mitsempha, chifukwa mbali imeneyo ndi imene imapirira. Muzidule mopendeka pang'ono, ngati madigiri 5, mbali yopapatiza ikhale cha kumpini, kuti mkono ukatsika nkhope yonse izifika pathabwa nthawi imodzi osati ndi m'mphepete. Mpini ukhale wa masentimita 30 mpaka 35, wonenepa kumutu ndi wowonda kogwira, ndipo muulowetse kuchokera pamwamba. Ukakhala choncho, nthawi iliyonse mukaponya hamala mutu umangothinirathinira m'malo moguluka, ndipo sufuna guluu kapena msomali. Ngati kuboola bowo lopendeka m'mtengo wolimba kukuvutani, matani zidutswa zitatu, chapakati mutachidula pawiri kuti pasiyike njira ya mpini. Ngodya zonse muzipale kuti zisathetheke. Pa nkhope imodzi matanipo chikopa chochindikala, ngakhale cha lamba wakale. Yanga ili choncho: mbali yopanda chikopa ndi ya tchizulo, ya chikopa ndi yogogodera timabokosi ndi madilowa, ndipo chikopacho ndimangosintha chikatha.

Dead blow ikasowa, kapena ndalama zikafunika kwina, hamala ya misomali yomweyo ikhoza kukuthandizanibe. Ikani kathabwa kosalala pamene mukufuna kumenya, n'kumamenya kathabwako. Zipsera zonse zithera pamenepo ndipo mphamvu imwazikana. Chovuta chake n'chakuti dzanja limodzi limatanganidwa ndi kathabwako pa nthawi imene mukufuna manja onse awiri.

Kaya mwagwira hamala yanji, menyani molunjika pamene pali lilime, mbali inayo itatsamira pa benchi kapena pansi polimba. Ngati thabwa lili ndi malilime awiri, gogodani uku pang'ono, uko pang'ono, kuti alowere limodzi. Mukalowetsa limodzi mpaka pansi linzake lidakali kunja, limapotoka n'kung'amba bowo. Ndipo tcherani khutu. Lilime likamayenda, phokoso limamveka ngati la chinthu champhako, go go go. Likafika, limasintha n'kukhala lolemera. Mukangomva kusinthako lekani. Kampata kotsala katsekeni ndi zopanira, n'kuyeza ndi sikweya guluu asanagwire.

Tebulo lanulo musalitaye. Pa zipsera zija ikani kansalu konyowa, n'kudinda ndi simbi yotentha kwa masekondi ochepa. Nthunzi imafufumitsa mitsempha imene inaphwatalala, ndipo pa paini zimatheka bwino, bola mitsemphayo isakhale yoduka. Bwerezani kawiri kapena katatu, dikirani paume, kenako pititsanipo sandipepala. Mwendo wong'alukawo, ngati mng'alu ndi waufupi, utseguleni pang'ono ndi nsonga ya tchizulo, lowetsanimo guluu ndi kapepala kolimba mpaka afike m'kati, panani usiku wonse, ndipo mawa lake muchepetse lilime lija musanalibwezeremo. Koma ngati mng'alu watsika kupitirira bowo, semani mwendo wina, ndipo uno muusiyire masentimita atatu aja kumtunda.