Ndayamba ntchito pakati pa Ayuda, ndikuopa kulakwitsa

Azakhali,
Ndili chaka chachitatu ku yunivesite, ndikuphunzira zofalitsa nkhani. Ndapeza mwayi wophunzira ntchito miyezi itatu ku bungwe la Ayuda, komwe ndizilemba kalata yamwezi ndi kuika nkhani pa Facebook. Ine si Myuda, mtima uli phaphapha. Ndiyambire pati?
Wophunzira wankhawa

Mwanangu,
Yambira pa kalendala. Kwa Ayuda tsiku limayamba dzuwa likalowa, choncho Sabata, lomwe amati Shabbat, limayamba Lachisanu madzulo n'kutha Loweruka kukada. Osunga mwambo kwambiri sakhudza foni kapena kamera nthawi imeneyi. Funsa bwana wako ngati uthenga woikiratu kuti utuluke wokha Loweruka ndi wololedwa, poti ena salola.

Masiku awo opatulika amasuntha chaka ndi chaka chifukwa kalendala yawo imatsatira mwezi wakumwamba. Chaka chatsopano, Rosh Hashanah, chimagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo tsiku lakhumi lake ndi Yom Kippur, losala kudya ndi kulapa. Chonde, pa Yom Kippur usadzalembe mawu achikondwerero kapena kuika chithunzi cha chakudya. Apa ndi pomwe ndimaopera achinyamata aluso ngati iwe, chifukwa chala chimafulumira kuposa mutu.

Pa 27 Januwale dziko lapansi limakumbukira Ayuda 6 miliyoni omwe anaphedwa ndi chipani cha Nazi cha ku Germany. Ukamalemba zimenezi, dziwa kuti owerenga ena anataya agogo awo momwemo. Uwonetse kaye wamkulu usanatulutse.

Malo amsonkhano ndi nkhope za ana usazifalitse popanda chilolezo. Nkhani yachitetezo saitenga mwachibwana. Lachisanu poweruka, uwatsanzike kuti "Shabbat shalom", kutanthauza Sabata lamtendere.