Musasaine kaye achemwali, ine makampani a PPI anandiliza

Achemwali, chonde musasaine kaye pepala limenelo. Ndangoona funso lanuli, loti musaine kapena ayi pepala la kampani imene yakuimbirani kuti ikuthandizani kubwezeredwa ndalama za PPI, thupi lonse lachita tsemwe. Ndili kuntchito pano koma ndilemba basi.

Ine ngongole ndinatenga kuno ku UK mu 2006, £7,000, tikumangira amayi nyumba ku Ntcheu. Mtsikana wa kubanki anati inshuwalansi imayendera limodzi ndi ngongole, popanda iyo palibe chotheka. Bodza lenileni, inshuwalansi imeneyi, yotchedwa PPI, yoti izikubwezera ngongole ukadwala kapena ntchito ikatha, sinali yokakamiza. Anaiphatikiza yonse pa ngongole tsiku lomwelo, ndiye zaka zonsezo ndinkalipira chiwongoladzanja pa inshuwalansinso. Mu 2009 msana unandigwetsa, miyezi inayi osapita kuntchito. Nditapempha kuti inshuwalansi ija indibwezereko ngongole, akuti msana munayamba kudwala musanatenge ngongole, sitilipira. Kuyambira pamenepo ndinayamba kutsalira m'mbuyo pobweza. Gwirani pamenepa, chifukwa ndi pomwe anadzandigwirira.

Mu 2014 ndi pomwe mafoni a makampani oti akuthandiza kudandaula kubanki kuti ikubwezere ndalama za PPI anafika povuta, m'mawa, masana, munthu wangogona kuchokera ku shifiti ya usiku. Mnyamata wake wolankhula mokoma, akuti mayi musavutike, tikapanda kupambana simulipira kanthu. Sanandifunse ngati ndili ndi ngongole yotsalira kubankiko. Sanafunse ngakhale kamodzi! Anatumiza mapepala ataika kale timitanda posaina. Ndinasaina.

Patapita miyezi isanu kalata ya banki inabwera. Ndinaitsegulira pakhomo jekete ndisanavule. £3,200. Ndinakhala pansi pamasitepe, misozi. Pompo ndinaimbira amayi pa foni kuti malata aja apezeka, auzeni amisiri. Amayi mpaka nthungululu, ndikumva ana akuthamangira kudzafunsa chachitika n'chiyani. Tsamba lachiwiri ndinaliwerenga madzulo ndikuphika. Akuti pa ndalamayo £2,600 aichotsa kuti itseke zomwe ndinatsalira, cheke changa ndi £600. Zinandiwawa, koma ndinati chabwino, ngongole ndi yanga, yachepako.

Lachisanu lake kunabwera envulopu ya kampani ija. 30 peresenti, n'kuonjezerapo VAT pamwamba, £1,152, mulipire pasanathe masiku 14. Anawerengera pa £3,200 yonse, osati pa £600 yomwe inafika m'manja mwanga. Ndinawerenga katatu ndikuganiza kuti alakwitsa. Ndinaimba ndili chiimire m'khitchini, ndiwo zikupserera pamoto, mphindi makumi anayi akundiimbira tinyimbo. Atayankha sanalinso wokoma uja, anali mayi wina wouma pakamwa. Ndikuti mayi, ndalandira £600, ndikupatseni bwanji £1,152? Akuti zili m'pangano lomwe munasaina, ngongole ikachepa ndiye kuti mwapindula. Ndikuti bwanji simunandiuze? Akuti munayenera kuwerenga. Ndinalira pa foni pomwepo, iye n'kumangobwereza kuti mukachedwa tipereka nkhaniyi kwa otolera ngongole. Cheke chonse chinapita kwa iwo, £552 yotsalayo ndinkapereka £50 pamwezi pafupifupi chaka. Chomwe sindidzaiwala ndi kuimbiranso amayi Lamlungu kuti amisiri aja abwerere. Anangoti "chabwino mwanangu, Mulungu alipo." Mvula ya chaka chimenecho inawapeza m'nyumba yakale yodontha.

Ndipo ntchito imene anagwira ndi yotani? Kalata imodzi. Imodzi! Ndinadzaiona pambuyo pake, dzina langa analilemba molakwika, nkhani ya msana wanga mulibemo. Anthu amenewa amadya thukuta la anthu otopa. Amadziwa kuti ife obwera timaopa makalata a banki, timaopa kuti tikadandaula mwina zikhudza mapepala athu, ndiye amalowera pomwepo. Banki inandibera kamodzi, iwo anadzandibera kachiwiri atavala nkhope ya wondithandiza. Mpaka lero ndikamva mawu oti "simulipira kanthu" mtima umandiwira.

Dandaulo la PPI ya kirediti kadi ndinachita ndekha mu 2018. Fomu ya banki, ndinalemba m'mawu anga, sitampu imodzi. Lamulo limapatsa banki masabata 8 kuti iyankhe, ikakana muli ndi miyezi 6 yopitira kwa Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a anthu pa mabanki, ndipo kumeneko ndi ulere. Anandipatsa ndalama yanga yonse, palibe anadulapo kupatula msonkho wa pa chiwongoladzanja cha 8 peresenti chimene ankaonjezera. Chaka chomwecho mu July boma linaika malire oti makampaniwa asapitirire 20 peresenti, n'kuonjezerapo VAT pamwamba, pa nkhani za PPI, koma ine anali atandidya kale.

Tsono vuto lanu ndi loti khomo limene ndinalowera ine linatsekedwa. FCA, bungwe loyang'anira mabanki ndi makampani a zandalama, inaika 29 August 2019 ngati tsiku lomaliza kudandaula za PPI, mukukumbukira mutu wa Arnold Schwarzenegger uja unkakuwa pa TV. Ndiye ngati akukuimbirani lero, mosakayika akunena za Plevin. Ameneyo ndi mayi amene anapambana ku Supreme Court mu 2014 chifukwa pa ndalama ya PPI yake, 71.8 peresenti inali komishoni yomwe sanamuuze. Milandu yotere pano imadzera kukhoti, ndipo kunena zoona kukhoti nokha n'kovuta. Ine sindingalimbe mtima. Komanso ndisaname, chipanda mnyamata uja kundivutitsa ndi mafoni, mwina sindikanadziwa n'komwe kuti anandigulitsa chinthu chosandithandiza, ndipo £2,600 ija inachokadi pa ngongole. Ndiye ngati mapepala munataya, nthawi mulibe, mwina apatseni makampaniwa nkhaniyo. Koma osati amene akuimbiraniwo musanawafufuze.

Yang'anani dzina lawo pa kaundula wa FCA, iwo ndi amene akuyang'anira makampaniwa kuyambira April 2019. Ngati akuti ndi maloya, yang'anani kwa SRA, bungwe loyang'anira maloya. Afunseni kuti pa £1,000 iliyonse atengapo zingati, VAT ili momwemo, ndipo akulembereni, za pakamwa ayi. Afunseni kuti mlandu ukakanika ndalama za kukhoti alipira ndani, nanga mukafuna kusiya pakati akulipiritsani zingati. Mukasaina pa foni kapena pa intaneti mumakhala ndi masiku 14 osintha maganizo, musawataye. Akati perekani kandalama koyambira, dulani foni. Mapepala anu akale mutha kuwapempha nokha kubanki kwaulere, amayenera kuyankha pasanathe mwezi, musalole wina akuuzeni kuti ndi iye yekha angawapeze. Ndipo samalani, omwewa pano akuimbiranso anthu za ngongole za magalimoto, musapezeke mwasainira makampani awiri pa nkhani imodzi, onse adzafuna gawo lawo.

Koma funso lalikulu ndi lija sanandifunse ine. Kodi kubanki imeneyo muli ndi zotsalira, kapena munalowapo mu IVA, pangano la mwalamulo lobweza ngongole pang'onopang'ono zikakukanikani? Ngati eya, ndalamayo mwina simudzaiona m'manja koma bilu yawo idzabwera ndithu. Ndijambulireni tsamba la malipirolo munditumizire ku inbox, mubise dzina ndi nambala ya akaunti. Ndikuweruka 8 koloko m'mawa, ndiliona ndisanagone.