Chipukuta misozi cha msewu: musadikire kuti ndalama ilowe

Mayi, mwalemba kuti msewu wa M1 ukudya mbali ya malo anu kufupi ndi Chatoloma ku Kasungu, amuna anu anamwalira, ndipo tsiku limene anthu a boma anabwera kudzayeza, alamu anu ndiwo analembetsa nyumba, munda ndi mitengo ya mango m'dzina lawo. Anyakwawa akuti mudekhe, mudzagawana ndalama ikabwera.

Musadekhe. Milandu yambiri yotere imafera pa mawu omwewo akuti "tidzakambirana ikabwera".

Oyeza akabwera, amawerenga zonse zimene zili pamalopo, amalemba pa fomu dzina la amene waima kutsogolo, nambala ya chiphaso chake cha unzika, nthawi zambiri amamujambulanso. Mfumu imachitira umboni, ndipo dzinalo limalowa m'ndandanda wa olipidwa umene umadutsa kwa bwanamkubwa. Ndalama ikangopita kwa mwini dzinalo, boma limati lathana nanu. Kuyambira pamenepo mkangano si wanu ndi a Roads Authority, bungwe la boma loona za misewu, ayi, ndi wa inu ndi alamu anu. Mukhoza kupambana kukhoti patapita chaka, n'kupeza kuti ndalamayo inasanduka kale njinga yamoto ya kabaza ndi malata. Chigamulo cha papepala sichiphika nsima.

Choncho dandaulo lanu lifike ndalama isanatuluke, ndipo likhale lolemba. Kukauza kalaliki pakhonde sikudandaula. Mawa adzati sanakuoneni. Lembani kalata kwa bwanamkubwa wa Kasungu, ina kwa mkulu woona za malo pakhonsolo, ina ku komiti yomva madandaulo ya ntchito ya msewuyo. Tchulani mudzi, gulupu, T/A, dzina limene linalembedwa, katundu amene mukuti ndi wanu, ndipo pemphani momveka kuti malipiro a malowo aimitsidwe mpaka umwini utadziwika. Kope yanu aidinde chidindo chokhala ndi deti. Akati "siyani, tiona", musachoke opanda chidindocho. N'zotopetsa kuti maofesi ena amafuna muwakumbutse katatu, koma ndi mmene zilili.

Mukaona kuti tsiku lolipira layandikira ndipo sanakuyankheni, njira yotsala ndi chiletso cha khoti. Sindinganene kuti mudzachipeza ndithu. Woweruza amayang'ana umboni komanso ngati munachedwa popanda chifukwa.

Pa za ufulu wanu: gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma likatenga katundu wa munthu pa ntchito yothandiza anthu onse, lidziwitse mwiniwake mokwanira, lilipire moyenera, ndipo iye ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, osati abale a mwamuna, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu wa kupolisi. Kuti munabwera pa chitengwa sizifafaniza zimenezi, kaya akuchimuna akwiye bwanji.

Koma musayembekezere zonse. Chipukuta misozi chimawerengedwa padera padera: nthaka, nyumba, mitengo, mbewu, ndi ndalama ya kusokonezedwa. Nyumba imene munamanga ndi malemuwo ndi mango amene munadzala, pamenepo mwaima bwino. Nthaka yokha, ngati ndi ya makolo imene banja lonse limalima, abale akhoza kukhala ndi gawo. Komanso malo amene ali kale m'malire a msewu, omwe pa misewu ikuluikulu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, nthaka yake kawirikawiri salipira.

Pemphani kuona fomu yoyezera ija, muone zimene analemba ndi mitengo ingati. Sonkhanitsani chikalata cha imfa, umboni wa ukwati ngakhale wa ankhoswe, malisiti a simenti kapena malata, ndi mmisiri amene anamanga nyumbayo. Jambulani zithunzi asanagumule. Musasayine kapena kudinda chala pa pepala limene simunawerengeredwe. Banja likagwirizana, mgwirizanowo ulembedwe ndi ziwerengero zake, usayinidwe pamaso pa mfumu, upite kwa bwanamkubwa kuti aliyense alandire yake mwachindunji, osati kudzera m'thumba la alamu. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, sabata ino, mutatenga kope yodindidwa ija.