Mafunso ndi Mayankho: Chopalirira cha agogo chachita dzimbiri, ndiyambire pati?

FUNSO: Akonzi, pamene tinkalongosola katundu wa malemu agogo anga aamuna, omwe ankasamalira munda wa ndiwo zamasamba pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, tinapeza chipangizo chopalirira chokankha ndi manja. Chili ndi gudumu limodzi lachitsulo, mano atatu opindika ndi mipini iwiri imene chiswe chinaidya. Dzimbiri lachikuta chonse, koma pambali pake pakuoneka zilembo zakuti "JR" ndi "PHILA". Mnzanga wowotcherera zitsulo wati achipale ndi galayindala kuti chiwale. Kodi ndimulole, nanga chinachokera kuti? Ndine bambo wa ku Luchenza.

YANKHO: Bambo, mnzanuyo muthokozeni, koma galayindala isayandikire chipangizocho, chifukwa zilembo zimene mwaonazo ndiye chiphaso chake, ndipo galayindala ikhoza kuzifafaniza m'kanthawi kochepa moti sizidzawerengekanso.

Zilembozo zikuloza ku Planet Jr., dzina la zipangizo za kumunda zimene kampani ya S. L. Allen & Co. inkapanga mumzinda wa Philadelphia ku America, ndipo "PHILA" ndi chidule cha dzina la mzindawo. Mwini wa kampaniyo anali Samuel Leeds Allen, amene anabadwa mu 1841 n'kumwalira mu 1918, ndipo kampaniyo inagulitsidwa mu 1968. Zipangizo zake zinkatumizidwa kumaiko ambiri, choncho n'zosadabwitsa kuti china chinafika pa esiteti ya tiyi. Kuti mutsimikize, tsukani pamalopo ndi bulashi ya waya yofewa ndi palafini, mupake choko, kenaka mupukute pang'ono ndi chala. Chokocho chimatsalira m'makwinya ndipo zilembo zimatulukira. Mukhozanso kuunika ndi tochi chopendeketsa madzulo, n'kujambula ndi foni.

Chenjerani ndi manambala. Ambiri amene mudzawapeze pa mano ndi pa thupi lake ndi ozindikirira zigawo, si chaka. Pokhapokha pamene palembedwa "PAT" motsatizana ndi deti m'pamene pali chaka chimene boma la America linatetezera luso la kapangidwe kake kuti ena asalikopere, ndipo chimene detilo likunena n'chakuti chipangizocho sichinapangidwe chaka chimenecho chisanafike. Chikhoza kukhala kuti chinapangidwa patapita zaka zambiri kuchokera pa detilo, popeza zikombole zomwezo zinkagwira ntchito nthawi yaitali. Mabawuti nawonso ndi mboni: a ku America anayezedwa m'mainchi, kotero nati ya masiku ano yoyezedwa m'mamilimita imangolowa pang'ono n'kukakamira. Musataye ngakhale imodzi, makamaka ya ngodya zinayi.

Pomasula m'pamene anthu ambiri amaononga. Zigawo zina n'zachitsulo chothira m'chikombole, chofanana ndi cha mphika wa miyendo itatu, chimene sichipindika koma chimasweka ngati mbale chikamenyedwa ndi nyundo. Muzidonthezera dizilo kapena palafini wosakaniza ndi oyilo pa nati iliyonse m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo yokana muitenthe pang'ono ndi moto, izizire, muyesenso. Jambulani chipangizocho musanachimasule, ndipo pansi pa manati yang'anani ngati patsalira penti yoyambirira, chifukwa ndi yomwe idzakuuzeni mtundu wake weniweni.

Pochotsa dzimbiri ine ndimakonda molasesi, madzi akuda onata aja otsalira popanga shuga kumafakitale monga a ku Nchalo ndi Dwangwa, amene alimi a ng'ombe amasakaniza m'zakudya za ziweto. Sungunulani lita imodzi m'malita 9 a madzi m'mgolo wa pulasitiki, mumize zitsulozo mutazichotsa girisi yense ndi sopo, n'kuzisiya masabata awiri kapena atatu. Pamwamba padzabwera thovu ndi fungo lowawasa (mgolowo muuike kutali ndi khonde, kuopa kudana ndi mayi a kunyumba), koma mukavuula n'kupukuta ndi bulashi, dzimbiri limayoyoka ngati matope ndipo zilembo zimatsala zili bwinobwino. Viniga amagwira msanga, tsiku limodzi kapena awiri, koma mukamuiwala amayamba kudya chitsulo chenichenicho. Mukatsuka, umitsani nthawi yomweyo padzuwa ndipo mupake penti yofiira yoteteza dzimbiri tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chongotsukidwa chimayambanso kufiira pasanathe maola ambiri. Mano okha musawapake penti. Oyilo ndi wokwanira. Ngati pali penti yakale yofunika kupala, ipaleni ili yonyowa mutavala chophimba pamphuno, popeza penti zakale zambiri zinali ndi mtovu.

Mnzanu uja ntchito ali nayo ngati papezeka mng'alu, koma agwiritse ntchito ndodo zowotcherera za nickel kapena awotcherere ndi mkuwa, ndipo chitsulocho chizizire pang'onopang'ono mumchenga wouma. Mipini yakaleyo muipereke kwa kalipentala kuti atengerepo muyeso ndi malo a zibowo, ndipo asankhe thabwa louma lopanda mfundo monga la mlombwa.

Mukamaliza, musachitengere ku mizere ya chimanga, chifukwa chinapangidwira nthaka yosalala yofesedwa motsata chingwe. Kudimba, pakati pa mizere ya anyezi, karoti kapena repu, muzichikankha kutsogolo pang'ono n'kubwezanso, udzu ukadali waung'ono.