Mwana wanga wakana kulumbira pa mbendera kusukulu, ndimukakamize?

Mayi wina amene akukhala ku America wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 13 wasiya kunena nawo lumbiro lija ana amanena m'mawa atayang'ana mbendera dzanja lili pamtima, Pledge of Allegiance, ndiye aphunzitsi anamutulutsa m'kalasi n'kumuopseza kuti akapitiriza akaonekera kwa ahedi. Akufunsa ngati sukulu ili ndi mphamvu yomulanga, komanso ngati angomukakamiza kuti nkhani ithe.

Mayi, ngati ili sukulu ya boma mphamvu imeneyo alibe, ndipo nkhaniyi inatha kalekale. Mu 1935 ana awiri a banja la Mboni za Yehova anachotsedwa sukulu ku Minersville, Pennsylvania, chifukwa chokana kuchitira sawatcha mbendera. Mlandu utafika ku khothi lalikulu la dzikolo mu 1940 anawo analuza, majaji 8 anakhalira kumbuyo sukulu, mmodzi yekha ndi amene anakana. Zitatero anthu anayamba kumenya a Mboni m'matauni ambiri, ana enanso n'kumathamangitsidwa sukulu, mpaka khothi lomwelo linabweza mawu ake patangopita zaka zitatu, pa 14 June 1943, pa mlandu wa Barnette wa ku West Virginia, majaji 6 kwa 3. Ndipo tsikulo linali lokumbukira mbendera yomweyo.

Chimene chimandikhudza ine pa chigamulochi n'chakuti jaji Robert Jackson sanachimangirire pa chipembedzo chokha ayi, anati boma silingamuike munthu mawu m'kamwa. Ndiye mwana wanu sakufunika kukhala wa mpingo wakutiwakuti kuti akane. Kaya chikumuvuta ndi mawu otchula Mulungu amene anawonjezeredwa mu 1954, kaya pali zina zimene akuona m'dzikomo zikumupweteka mtima, ufulu ndi womwewo.

Koma chenjerani pawiri. Sukulu ikakhala yapulaiveti chigamulochi sichikuigwira, kumeneko zimatengera malamulo amene munasainira pomulembetsa. Kenako m'madera ena monga Texas ndi Florida lamulo limafuna kalata ya kholo, ndiye lembani mizere iwiri basi, yonena kuti mukudziwa ndipo mukuvomera, mupereke kwa ahedi, kope ina musunge. Mwanayo naye akhale chete anzake akamalumbira, osaseka, osasokoneza, chifukwa phokoso angamulange nalo ndipo pamenepo mulibe chonena. Ku India mu 1986 khothi lalikulu linabwezera pasukulu ana atatu a ku Kerala amene sankaimba nyimbo ya fuko, ndipo chinawathandiza kwambiri n'chakuti ankaimirira mwaulemu anzawo akamaimba.

Zomukakamizazo ine ndikuti ayi ndithu. Mukatero adzanena mawuwo ndi pakamwa pokha mtima uli kwina, ndipo chimene aphunzirepo n'chakuti munthu wamkulu akakalipa umangonena zimene sukuzikhulupirira kuti akusiye, phunziro loopsa kwa mtsikana wa msinkhu umenewo. M'imelo yanu simunandiuze chifukwa chimene akukanira, ndipo ndikukayika ngati munamufunsa. Khalani naye pansi usiku uno, mumusiye alankhule mpaka amalize, mwina mudzatsutsana naye ndipo palibe vuto. Kalata ija mukalembe mawa m'mawa asanapite kusukulu.