Chakudya cha pakhomo cha ku Malaysia chikalowa m'malo odyera amakono: yankho kwa owerenga

Amayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo sabata yathayi. Akupita ku Kuala Lumpur kukachita maphunziro a miyezi itatu, ndipo mnzawo wa kumeneko wawalonjeza kuti akawatengera kumalo ena odyera amene munthu amangolowa mmene wavaliramo, koma amene amaphika chakudya cha masiku onse cha ku Malaysia mochikonza mwaluso. Akufunsa kuti malo otere amasiyana bwanji ndi malo wamba, akaitanitse chiyani, komanso ngati n'zomveka kulipira zambiri pa chakudya chimene m'mbali mwa msewu chimagulitsidwa motchipa.

Amayi, malo amenewa kholo lake ndi kopitiam. Kopi ndi khofi m'Chimalay, ndipo tiam ndi sitolo m'chilankhulo cha Hokkien. Ambiri mwa makopitiam akale anatsegulidwa ndi anthu ochokera pachilumba cha Hainan ku China, amene poyamba ankagwira ntchito yophika m'nyumba za Angerezi pa nthawi ya atsamunda, ndipo n'chifukwa chake m'menemo mumapeza buledi wowotcha wopaka batala ndi kaya, yomwe ndi jamu ya mkaka wa kokonati, mazira, shuga ndi masamba onunkhira a pandan. Yut Kee ya ku Kuala Lumpur inayamba mu 1928, ndipo malo omwera khofi a pasiteshoni ya sitima ku Kluang anayamba mu 1938. M'zaka za m'ma 2000 makampani monga OldTown White Coffee ndi PappaRich anatenga chakudya chomwechi n'kuchilowetsa m'misika ikuluikulu yokhala ndi makina oziziritsa mpweya. Malo amene mnzanuyo akunena ndi mbadwo wachitatu: ang'onoang'ono, kawirikawiri a wophika mmodzi amene anaphunzira ntchito kuhotelo kapena kunja, nabwerera kudzaphika zimene ankadya kwa agogo ake.

Luso limene akulinenalo, ngati lilipodi, limakhala m'ntchito imene wakudya saiona, ndipo mbale yoyesera ndi nasi lemak. Umenewu ndi mpunga wophikidwa mu mkaka wa kokonati ndi pandan, ndipo pambali pake amaika sambal, mtedza wokazinga, nkhaka, dzira ndi ikan bilis, tinsomba touma tokazinga timene mukangotiona mudzakumbuka usipa. Musanasakanize chilichonse, yambani mwalawa mpungawo pawokha. Ngati wophika anagwiritsa ntchito mkaka wofinya tsiku lomwelo, mpungawo umanunkhira usanafike n'komwe pakamwa, ndipo njere zake zimakhala zotayana, zonona koma zosamata. Wa mkaka wa m'paketi umangokhala woyera ndi wolemera, wopanda fungo. Kenaka yang'anani sambal. Ameneyu ndi tsabola wouma wonyika m'madzi n'kusinjidwa pamodzi ndi anyezi, adyo ndi belacan, chomwe ndi phala louma lopangidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja totchedwa shrimp, tothira mchere n'kusiyidwa kuti tisase, ndipo amamukazinga pamoto wochepa mpaka mafuta atalekana ndi tsabolayo n'kuyandama pamwamba ali ofiira. Amalay amati pecah minyak, kutanthauza kuti mafuta asweka. Akatero amathiramo bwemba ndi shuga. Sambal wofulumizidwa amakhala wofiira mowala ndipo amawawa pakhosi ngati tsabola wosapsa, pamene wophikidwa modekha amadera, ndipo ukali wake umabwera pambuyo pa kutsekemera ndi kuwawasa.

Ine ndinakhalapo pamalo ena ku Bangsar, dera la mu Kuala Lumpur, amene dzina lake sinditchula, pomwe nasi lemak anabwera pambale yakuda yamwala, mpunga utaumbidwa ngati kankhokwe, duwa lodyedwa lili pamwamba, ndipo tinsomba tija tinali tisanu ndi tiwiri tokha, pakuti ndinachita kutiwerenga. Sambal wake anali supuni imodzi yotsekemera ngati jamu. M'mawa mwake ndinagula kaphukusi ka m'tsamba la nthochi kwa amayi ena pafupi ndi siteshoni, pamtengo wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo kanali kokoma koposa. Komabe sindikunena kuti malo onse amakono ndi onyenga. Rendang yabwino, nyama ya ng'ombe yophikidwa mu mkaka wa kokonati mpaka msuzi wonse utaphwa n'kusiya nyama yakuda yofewa, imadya maola atatu kapena anayi, ndipo imafuna kerisik, kokonati wopala wokazinga n'kusinjidwa mpaka atatuluka mafuta. Wogulitsa motchipa nthawi zina amadula njira, pamene wolipiritsa zambiri alibe chowiringula, ndipo akachita bwino ndalama zanu sizinapite pachabe. Umboni ulipo wakuti chakudya cha pakhomo chingathe kufika patali osasiya chikhalidwe chake: buku la Michelin, limene limapereka nyenyezi kwa malo odyera ophika bwino koposa, litayamba kuunika Kuala Lumpur ndi Penang kumapeto kwa 2022, nyenyezi imodzi inapita kwa Auntie Gaik Lean's Old School Eatery ku George Town, malo ophika chakudya cha Anyonya, mbadwa za Atchaina amene anakhazikika kumeneko kalekale n'kutengera kaphikidwe ka Amalay.

Mukakhala anthu awiri, ndingakulangizeni kuti muitanitse nasi lemak ya nkhuku yokazinga m'zokometsera, yomwe amati ayam goreng berempah, ndi mbale imodzi ya laksa, manudozi a mumsuzi, yoti mugawane. Funsani kuti ndi laksa iti, chifukwa asam laksa ya ku Penang ndi msuzi wowawasa wa nsomba ndi bwemba, wopanda kokonati, pamene curry laksa ndi yonona ndi yolemera. Masamba ake tengani kangkung belacan, amene ndi m'bale wake wa kholowa ndipo sadzakuchititsani chilendo. Potsukira mkamwa pali cendol, madzi oundana opalidwa othira mkaka wa kokonati ndi gula melaka, shuga wakuda wa mtengo wa kokonati, amene akakhala weniweni amamveka kautsi pang'ono. Tiyi wawo, teh tarik, amamutsanula kuchoka m'kapu ina kupita m'inzake mpaka atachita thovu, ndipo amathiramo mkaka wotsekemera wambiri, choncho mawu akuti kurang manis, kupempha kuti achepetse shuga, muwaloweze musanakwere ndege. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linazindikira mwambo wa kadzutsa wa ku Malaysia ngati chuma cha chikhalidwe, ndipo nasi lemak, roti canai (buledi wopyapyala wokazinga pachiwaya) ndi teh tarik ndi zimene zinatchulidwa.

Pali zinthu ziwiri zimene simunafunse koma zidzakukhudzani. Mtengo wolembedwa pamndandanda wa zakudya nthawi zambiri si umene mudzalipira, chifukwa malo ambiri otere amawonjezera 10 peresenti ya otumikira ndi 6 peresenti ya msonkho wa boma. Ndipo ngati inu kapena mnzanuyo ndinu Asilamu, dziwani kuti chikwangwani chongonena kuti sagulitsa nyama ya nkhumba sichifanana ndi chiphaso cha halal chimene chimaperekedwa ndi JAKIM, nthambi ya boma yoona za Chisilamu, pakuti malo ena opanda nkhumba amagulitsa mowa kapena amathira vinyo wophikira m'msuzi.

Pitani nawo mnzanuyo, koma tsiku lina musanapite kumaloko mudzuke cha m'ma 7 koloko m'mawa, mukagule kaphukusi ka nasi lemak pamsewu wa kumene mukukhala, kuti mukadzakhala patebulo la malo amakonowo lilime lanu lidzakhale ndi choyerekezera.